Mulungu wa mutu wa njovu pakhomo la sitolo: Ganesha ndani?

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Limbe: "Ndatha zaka 3 ndikugwira ntchito m'sitolo ya mmwenye. Pamwamba pa kabati ya ndalama pali kachifanizo ka munthu wamimba yaikulu, mutu wa njovu, manja anayi, ndipo kumapazi kwake kuli kakhoswe. M'mawa uliwonse abwana amayatsa lubani pamenepo asanagulitse kanthu. Anzanga amati ndi chizimba cha bizinesi. Abwana amamutchula Ganesh, mayi awo amati Ganpati, mlendo wina anati Vinayak. Kodi ndi mmodzi kapena angapo? Mutu wa njovuwo unabwera bwanji? Komanso mnyanga umodzi ndi wothyoka, moti ndili ndi mantha kuti mwina ndinauthyola ndine popukuta fumbi."

Achemwali, mtima ukhale m'malo. Mnyangawo simunathyole ndinu. Anauumba wothyoka kale, ndipo mutapita ku India n'kuyang'ana zifanizo zake zosema pamiyala zakalekale, mupeza zambiri zili chimodzimodzi. Ali ndi dzina lochokera pa mnyanga womwewo, Ekadanta, kutanthauza wa dzino limodzi.

Ndi mmodzi. Ganesha, Ganapati ndi Vinayaka ndi maina a mulungu yemweyo wa Ahindu, mwana wa mulungu Shiva ndi mkazi wake Parvati. Abwana anu amadula chilembo chomaliza chifukwa m'zinenero za kumpoto ndi kumadzulo kwa India, monga Chihindi ndi Chigujarati, "a" wakumapeto kwa mawu a Chisanskriti (chinenero chakale cha mabuku opatulika a Ahindu) nthawi zambiri samveka. Amwenye ambiri a kuno kwathu makolo awo anachokera ku Gujarat, ena ndi Asilamu, ena Ahindu, ndipo kachifanizoko kakukuuzani kuti abwana anu ali m'gulu lachiwirili.

Za chizimba tisiyanitse bwino. Chizimba chimabisika, mwini wake sachitchula, ndipo mphamvu yake anthu amati ili m'chinsinsicho. Ganesha amaikidwa poyera dala, pakhomo kapena moyang'ana khomo, ndipo amalembedwa pamwamba pa makalata oitanira anthu ku ukwati. Zoti abwana amapempha kuti malonda ayende bwino n'zoona, monga momwe wamalonda wachikhristu amapempherera asanatsegule okala yake. Koma chifukwa chimene amayambira ndi Ganesha, osati mulungu wina mwa milungu yawo yambirimbiri, chili m'maina ake.

Mawu akuti gana amatanthauza gulu, makamaka gulu la atumiki a Shiva, tizolengedwa taphokoso, tosaumbika bwino, tokonda chisokonezo. Isha ndi pati onse amatanthauza mwini kapena mbuye. Choncho Ganesha ndi Ganapati ndi mawu amodzi: mkulu wa gululo. Dzina lina lofunika kwambiri ndi Vighneshvara, mbuye wa zopinga. Anthu ambiri, ngakhale Ahindu amene, amafotokoza mwachidule kuti iye ndi wochotsa zopinga, Vighnaharta. Koma mbuye wa zopinga sangochotsa ayi, amaikanso. Ali ngati mlonda wapageti amene angathe kukutsegulirani kapena kukusiyani panja mpaka dzuwa kulowa. N'chifukwa chake palibe Mhindu wosunga mwambo amene amayamba ulendo, ukwati, mayeso, nyumba yatsopano kapena buku la maakaunti asanamupatse ulemu. Ngakhale mwambo utakhala wopembedza mulungu wina, Ganesha ndiye amatchulidwa poyamba. M'Chihindi, kunena kuti munthu wachita "Shri Ganesh" pa ntchito inayake kumangotanthauza kuti wayiyamba.

Mukadzafika nyengo ya Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, cha mu Okutobala kapena Novembala, mudzayang'ane. Amalonda achigujarati ali ndi mwambo wotchedwa Chopda Pujan, pamene amadalitsa mabuku atsopano a maakaunti pamaso pa Ganesha ndi Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma. Pachikuto kapena pakhomo amalemba mawu awiri, Shubh ndi Labh, mwayi ndi phindu. M'nthano zina awiriwa ndi ana ake a Ganesha.

Tsopano za mutu. Nkhani yodziwika kwambiri ili m'buku lotchedwa Shiva Purana, ndipo imayambira pakhomo. Parvati ankafuna kusamba popanda womusokoneza, koma alonda onse a panyumbapo anali a mwamuna wake, ndipo Shiva akafika palibe amene ankalimba mtima kumuletsa. Mayiyo anatopa nazo. Anatenga litsiro la m'thupi mwake (ofotokoza ambiri masiku ano amati phala la ufa wachikasu umene ankadzola posamba), naumba mnyamata, namupatsa moyo, namupatsanso ndodo ndi lamulo limodzi: asalowe munthu. Shiva atabwera, mnyamatayo sanamudziwe, ndipo Shiva naye sanamudziwe mnyamatayo. Kunabuka nkhondo. Atumiki a Shiva anagonja, milungu ina inabwera kudzathandiza nayonso n'kuona zakuda, mpaka Shiva anadula mutu wa mnyamatayo. Parvati atamva anakwiya koti dziko likanatha, ndipo anati sakhululuka pokhapokha mwana wake atadzuka ndi kupatsidwa ulemu pamaso pa milungu yonse. Shiva anatuma anthu ake kumpoto kuti akadule mutu wa cholengedwa choyamba chimene akumane nacho. Anakumana ndi njovu.

Ine ndikawerenga nkhaniyi sindiona kwenikweni njovu, ndimaona banja. Mwana woumbidwa ndi mayi yekha, bambo wobwera kuchokera kutali n'kupeza pakhomo pake paima mlendo, mayi amene akufuna malo akeake m'nyumba ya mwamuna wamphamvu. Mnyamatayo anafa chifukwa chosunga mawu a mayi ake, ndipo anadzuka ali mwana wa onse awiri, thupi lochokera kwa mayi, mutu wochokera kwa bambo. Udindo umene anapatsidwa pambuyo pake ndi womwewo umene anabadwira, kusunga khomo, kungoti tsopano makomo onse ndi ake.

Koma musadabwe mayi a abwana anu atakuuzani nkhani ina. M'buku la Brahmavaivarta Purana mwanayo anabadwa ndi mutu wa munthu, wokongola, ndipo milungu inabwera kudzaona khanda. Shani, amene ndi nyenyezi ya Saturn, anaima chozyolika chifukwa maso ake anali ndi temberero lowononga chilichonse chimene ayang'ana. Parvati, mwa kunyada kwa mayi, anamukakamiza kuti ayang'ane. Atangodzutsa maso, mutu wa khandalo unachoka. Vishnu, mulungu wina wamkulu, ndiye anakwera mbalame yake Garuda n'kukatenga mutu wa njovu. Mwa nkhani ziwirizi yoona ndi iti? Funso limeneli limavuta ife amene tinakulira m'zipembedzo za buku limodzi. Ahindu alibe buku limodzi lolamulira onse. Mabuku a Purana akuluakulu alipo 18, analembedwa m'nyengo zosiyana ndi magulu osiyana, ndipo mutha kuona nokha kuti m'buku la okonda Shiva wobwezeretsa moyo ndi Shiva, pamene m'buku la okonda Vishnu ntchitoyo agwira ndi Vishnu. Ena amayanjanitsa ponena kuti dziko limalengedwa n'kutha kambirimbiri, ndiye nkhani iliyonse inachitika m'nyengo yake. Ambiri sizimawadetsa nkhawa n'komwe.

Mnyanga wanu uja uli ndi nkhani zosachepera zitatu. Yoyamba ndi ya pakhomonso. Parashurama, wankhondo wa nkhwangwa, anabwera kudzaona Shiva pa phiri la Kailasa, Ganesha namuletsa chifukwa bambo ake anali akupuma. Mlendoyo anaponya nkhwangwa. Ganesha anazindikira kuti nkhwangwayo anamupatsa ndi Shiva yemwe, ndipo posafuna kunyoza chida cha bambo ake anailandira ndi mnyanga, n'kuthyoka.

Yachiwiri imakondedwa ndi ana asukulu ndi olemba. Mkulu wanzeru Vyasa anali ndi ndakatulo yaikulu ya Mahabharata m'mutu, mavesi pafupifupi 100,000, koma analibe womulembera. Ganesha anavomera, koma anati cholembera chake chisaime ngakhale kamphindi. Vyasa naye anaika lake: usalembe mawu amene sunawamvetse. Ndiye akafuna kupuma ankaponya vesi lopotana, Ganesha n'kuima kaye kulimasula, mkuluyo n'kupeza mpata wopeka ena. Anthu amawonjezera kuti cholembera chitathyoka pakati pa ntchito, Ganesha anathyola mnyanga wake n'kupitiriza kulemba. Akatswiri a ku Bhandarkar Oriental Research Institute mumzinda wa Pune, amene anayerekeza mipukutu yakale ya Mahabharata kuyambira 1919 mpaka 1966, anapeza kuti nkhani ya Ganesha mlembi mulibe m'mipukutu yambiri, moti sanaiike m'thupi la buku lawo. Inalowa mochedwa. Izi sizinachepetse kutchuka kwake.

Yachitatu ndi yoseketsa, ndipo ine ndiyo imandisangalatsa. Ganesha anadya timakeke take tokondedwa totchedwa modaka mpaka mimba kuti ndi! Modaka ndi ufa wa mpunga wokutira kokonati ndi shuga wa nzimbe wosayenga, wophika ndi nthunzi. Usiku akubwerera kwawo atakwera khoswe wake, njoka inadutsa panjira, khoswe anadzidzimuka, mkuluyo n'kugwa, mimba n'kuphulika, timakeke n'kumwazika. Anatitola n'kutibwezera m'mimba, nagwira njoka ija n'kuimanga m'chiuno ngati lamba. Mwezi unaona zonsezi n'kuseka chikhakhali. Ganesha anathyola mnyanga n'kuugenda, nautemberera kuti usawalenso. Dziko litachita mdima milungu inapepesa, ndipo anafewetsa chilangocho: mwezi uzichepa n'kumakulanso. Mpaka lero Ahindu ambiri amapewa kuyang'ana mwezi pa tsiku la chikondwerero chake, poopa kuti wouyang'ana adzanamiziridwa mlandu. Amati ngakhale mulungu Krishna anauyang'ana, ndipo anamunamizira kuti waba mwala wamtengo wapatali wotchedwa Syamantaka. Mukayang'anitsitsa kachifanizo ka kuntchito kwanuko mwina muona njokayo pamimba.

Taonani mtundu wa mulungu ameneyu. Amagwa, amasekedwa, amakonda zotsekemera, mimba ili panja. Maina ake ambiri ndi ongofotokoza thupi, ngati maina amene ana amapatsana pabwalo: Lambodara, wamimba yolendewera; Gajanana, wa nkhope ya njovu; Vakratunda, wa chitamba chokhota; Shurpakarna, wa makutu ngati lichero. Opembedza amawatchula mwachikondi, ndipo aphunzitsi awo amaikamo matanthauzo. La lichero silifuna kumasulira kwa munthu amene anapetapo mphale: khutu labwino limataya madeya n'kusunga chakudya. Pali mndandanda wa maina 108 umene amautchula popembedza, ndi wina wa maina 1,000 m'buku la Ganesha Purana. Kumwera kwa India, Atamil amamutchula Pillaiyar, dzina lochokera ku mawu otanthauza mwana.

M'manja mwake kawirikawiri mumakhala ngowe yoyendetsera njovu, yotchedwa ankusha, ndi chingwe chokolera, pasha. China chimakankha, china chimagwira. Dzanja lina limanyamula mbale ya modaka, lina mnyanga wothyoka uja kapena limatambasuka kudalitsa ndi kuchotsa mantha. Nthawi zina pamakhala nkhwangwa. Manja anayi si kuti Ahindu amaganiza kuti kumwamba kuli anthu opunduka. Ndi njira ya wosema yosonyezera kuti uyu amagwira zambiri nthawi imodzi kuposa munthu.

Khosweyo ndi chokwera chake. Mulungu aliyense wamkulu wa Ahindu ali ndi nyama yake: Shiva ng'ombe yamphongo Nandi, Vishnu mbalame Garuda, Durga mkango kapena nyalugwe. Mawu a Chisanskriti akuti mushika amakhudza khoswe ndi mbewa zomwe, ndipo amachokera ku tsinde lotanthauza kuba. Pali matanthauzo auzimu, akuti khoswe ndi chilakolako chimene chimangoti apa n'kuluma, apo n'kuluma, ndipo wanzeru amachikwera m'malo moti chimukwere. Tanthauzo limenelo ndi labwino, koma mlimi aliyense amene ali ndi nkhokwe angaone lina lapafupi. Kwa mlimi wa ku India nyama ziwiri zowononga chakudya ndi njovu kumunda ndi khoswe m'nkhokwe. Njovu imathyola mpanda, khoswe amalowa pamene palibe khomo. Mulungu amene wavala imodzi n'kukwera inayo palibe chotchinga chimene chingamukanike, chachikulu kapena chaching'ono.

Khosweyo alinso m'nkhani ya mpikisano ndi m'bale wake Kartikeya, amene kumwera amamutcha Murugan. Makolo anati amene ayambe kuzungulira dziko lonse alandira mphoto. Kartikeya anakwera pikoko wake n'kuuluka. Ganesha anayang'ana mimba yake, nayang'ana khoswe, nazungulira bambo ndi mayi ake, n'kunena kuti makolo ake ndiwo dziko lake. Anapambana. Kwa Atamil mphotoyo inali chipatso cha mango, ndipo Murugan atakwiya anachoka n'kukakhala pa phiri la Palani, pamene pali kachisi wake wotchuka mpaka lero. M'buku la Shiva Purana mphoto inali ukwati, ndipo Ganesha anakwatira Siddhi ndi Buddhi, maina otanthauza chipambano ndi nzeru. Komabe kumwera ambiri amati sanakwatire konse. Ndipo mulungu wamkazi Santoshi Ma, amene ambiri lero amati ndi mwana wake wamkazi, anatchuka dziko lonse la India makamaka chifukwa cha filimu ya mu 1975. Nthano za Ganesha zikukulabe.

Akatswiri a mbiri yakale ali ndi nkhani yawonso. Dzina lakuti Ganapati lilipo mu Rigveda, buku lakale kwambiri la Ahindu, ndipo vesi lake amaliimba lero popembedza Ganesha, koma pamalo pake linkanena za mulungu wina, Brahmanaspati. Dzina limene mlendo wanu anatchula, Vinayaka, lili ndi chiyambi chodabwitsa. M'buku lakale la miyambo ya panyumba, Manava Grihyasutra, ma Vinayaka ndi mizimu inayi yovutitsa. Imalotetsa maloto oipa, imalepheretsa mwana wa mfumu kulowa ufumu, namwali kupeza mwamuna, wamalonda kupeza phindu, ndipo munthu ankayenera kuipepesa ndi nsembe. Patapita nthawi anayiwo anasanduka mmodzi, ndipo wovutitsa uja anakhala womasula. Apa ndi pamene pachokera mbali ziwiri zija, kuika ndi kuchotsa. Zifanizo zake zodziwika bwino, za mutu wa njovu ndi mbale ya timakeke, zinayamba kuchuluka m'nthawi ya mafumu a Gupta, cha m'zaka za m'ma 300 ndi 400 AD, monga za m'mapanga a Udayagiri ndi za kachisi wa Bhumara. Pambuyo pake kunabadwa gulu la Ganapatya limene limamuona ngati Mulungu wamkulu woposa onse. Anayendanso ndi amalonda ndi Abuda mpaka ku Japan, komwe amamutcha Kangiten, ku Thailand, komwe ndi Phra Phikanet, ndi ku Indonesia, dziko la Asilamu ambiri, komwe anaonekera pa ndalama yapepala ya 20,000 rupiah ya mu 1998.

Likulu la chikondi chake ndi chigawo cha Maharashtra, kumadzulo kwa India. Kuzungulira Pune kuli akachisi 8 otchedwa Ashtavinayak amene oyenda ulendo wachipembedzo amayamba ndi kutsirizira pa Morgaon. Chikondwerero chake, Ganesh Chaturthi, chimagwa m'mwezi wa Bhadrapada, cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Kwa nthawi yaitali chinali cha m'nyumba, mpaka Bal Gangadhar Tilak, mtsogoleri wolimbana ndi ulamuliro wa Angerezi, kuyambira 1893 anachilimbikitsa kuti chikhale cha pabwalo. Anaona kuti mulungu ameneyu amakondedwa ndi magulu onse, apamwamba ndi apansi omwe, ndipo kuti boma limene linkaletsa misonkhano yandale silikanaletsa mapemphero mosavuta. Lero ku Mumbai anthu amaima pamzere maola ambiri kuti aone chifanizo cha Ganesha chotchedwa Lalbaugcha Raja, chimene mwambo wochiika unayamba mu 1934. Ku Mauritius tsikuli ndi holide.

Pali chinthu chimodzi m'chikondwererochi chimene chimayankha funso limene simunafunse koma ndikudziwa kuti lili kukhosi: kodi amapembedza dongo? Banja limagula chifanizo chadothi, wansembe kapena mwini nyumba amachita mwambo woitana mulunguyo kuti akhalemo, n'kumusamala ngati mlendo wolemekezeka kwa tsiku limodzi ndi theka, masiku 5, 7 kapena 10. Amamupatsa maluwa ofiira, modaka 21, ndi timasamba 21 ta udzu wotchedwa durva, umene ndi kapinga yemweyu wa pabwalo lathu. Kenako amamunyamula ndi ng'oma, akufuula m'Chimarathi "Ganpati Bappa Morya" ndi kumupempha kuti chaka chamawa abwere msanga, n'kukamumiza m'nyanja kapena mumtsinje. Dongo limasungunuka. Iwo amati mlendoyo wabwerera kwawo, chatsala ndi dothi. Mutha kugwirizana nawo kapena ayi, malinga ndi chikhulupiriro chanu, koma umu ndi mmene eni ake amamvera. Vuto limene labuka ndi lakuti zifanizo zambiri zamakono ndi za pulasitala ndi penti, sizisungunuka ndipo zimaipitsa madzi, moti makhoti ndi maboma ku India akhala akulimbana nazo.

Za fumbi zija, funsani abwana ngati akufuna kuti muzipukuta pamenepo, chifukwa ambiri amakonda kusamala okha malo opembedzera. Akakulolani, sambani m'manja, khalani ndi kansalu kake kosiyana ndi kopukutira mashelefu, ndipo musaike nsapato, tsache kapena chakudya cha nyama pafupi. Akadzakupatsani laddu kapena kanthu kena kotsekemera pambuyo pa mapemphero, dzina lake ndi prasad, chakudya choperekedwa kwa mulungu n'kugawidwa kwa anthu. Ngati chikumbumtima chanu chikulola, landirani ndi dzanja lamanja. Ngati sichilola, kanani mwaulemu, Ahindu okhala pakati pa Akhristu ndi Asilamu anazolowera zimenezo.

Ndipo mawa mukayang'ane kumene chitamba chakhotera. Zifanizo za m'nyumba ndi m'masitolo nthawi zambiri chitamba chimakhotera kumanzere kwake, kumbale ya timakeke, ndipo amati ameneyo ndi wofatsa, sachedwa kukhululuka mwambo ukalakwika. Cha kumanja, ngati cha m'kachisi wa Siddhivinayak ku Mumbai amene anamangidwa mu 1801, amati chimafuna mwambo wokhwima wa tsiku ndi tsiku, moti ambiri amaopa kuchiika m'nyumba. Mukapeza kuti cha abwana anu n'chakumanja, musachikhudze mpaka mutafunsa mayi awo aja.